Malamba a Runo

Malamulo a agalu m'tiramu, sitima zija zoyenda pa njanji m'misewu ya tauni, ndimawadziwa kuposa pemphero la Atate Athu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinali insipekita wa matikiti mu Zagreb muno, ndipo agalu amene ndinawatsitsa pa siteji pamodzi ndi eni ake sindingathe kuwawerenga. Galu woweta akwere atamutseka kukamwa ndi kadengu, chingwe chikhale chachifupi. Galu wotsogolera munthu wosaona akwere mmene alili, bola wavala malamba ake a ntchito ndipo mwini wake ali ndi khadi. Basi, palibenso zina. Wina ankati, "Koma amayi, wangayu saluma." Ine n'kumuuza kuti, "Inenso sindiluma, koma tsikani." Anthu ankadana nane, ndipo sindinkasowa nazo tulo.

Choseketsa n'chakuti kunyumba kwanga kunali galu wa mtundu wachiwiriwo. Amuna anga, a Vinko, anasiya kuona ali mnyamata, tisanadziwane n'komwe. Ankagwira ntchito yosisita odwala misana ndi miyendo pa chipatala china cha kumtunda kwa tauni. Runo anali galu wawo wachitatu, wakuda bii, wa chifuwa chachikulu, wosakonda zocheza. Sanali wanga. Ine ankangondipirira, ngati mmene munthu amapiririra mlamu wolongolola.

A Vinko anamwalira mu Seputembala, Lachiwiri m'mawa, atavala nsapato imodzi. Unali mtima. Ndinawapeza pa kampando ka pakhomo, Runo ataima pambali pawo kudikira kuti avale inayo. Mwana wathu Tihana anabwera kuchokera ku Stuttgart, analira, anatsuka mawindo onse a nyumba, n'kubwerera patatha masiku asanu chifukwa ntchito sinkamulola. Amaimba foni Lamulungu lililonse. Amafunsa ngati ndikudya, ine n'kumunamiza.

Patapita milungu itatu kunabwera Nevena, mtsikana wa kusukulu ya agalu amene anaphunzitsa Runo. Ndinamuphikira khofi. Anakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, akuoneka kuti mawu ake wawayeserera m'galimoto.

"Mayi Dubravka, mukudziwa kuti Runo ndi wa sukulu," anatero. "Ali ndi zaka zinayi zokha. Angathe kugwira ntchito zaka zina zisanu."

"Ndiye mwabwera kudzamutenga?"

"Ayi, mayi. Sitilanda galu m'nyumba ya maliro. Mukafuna akhale wanu, musaine pepala ili, apuma pa ntchito, akhala galu wamba. Mukafuna abwerere, mundiimbire. Koma pofika kumapeto kwa Novembala tikhale titadziwa, chifukwa akakhalitsa osagwira ntchito amaiwala. Malamba ndi khadi zokha zidzabwerera kwa ife, kaya musankha chiyani."

"Nanga inuyo mukufuna chiyani?"

Anayang'ana m'kapu. "Pali anthu makumi anayi akudikira galu."

"Adikire," ndinatero. "Inenso ndikudikira, kungoti sindikudziwa chimene ndikudikira."

Pepalalo ndinalipanikiza pa firiji ndi kamaginito. Ndinkafuna kusaina tsiku lomwelo, koma cholembera chinali kuchipinda, ndipo ndinalibe mphamvu zokachitenga.

M'nyumba mukakhala mwa anthu awiri zaka makumi anayi, mmodzi akachoka simuchepa phokoso lokha. Ndinkaphika supu wa anthu awiri, n'kumudya masiku anayi. Ndinkaikabe chilichonse pamalo pake penipeni, mchere kumanja kwa chitofu, mipando yolowetsedwa pansi pa tebulo, zitseko zotsekeratu kapena zotseguliratu, kuopa kuti wina angagunde. Wina wake ndani? Chinthu chamoyo chimene chinatsala m'nyumbamo chinali Runo, ndipo usiku ndinkasiya chitseko cha kuchipinda chotsegula kuti ndizimumva akupuma.

Koma Runo sanali bwino. M'mawa uliwonse, sikisi koloko ndi theka, ankadzuka, n'kukaima pansi pa msomali wa pakhomo pomwe malamba ake ankapachikidwa. Sankalira, sankakanda chitseko. Ankangoima, mutu utayang'ana kuchitseko, mpaka seveni koloko itapitirira. Kenako n'kukagona pa nsapato za a Vinko. Chakudya ankangochinunkhiza. Ndinamugulira chiwindi cha nkhuku, chinthu chimene a Vinko akanandikalipira nacho sabata yathunthu, iye n'kuchisiya m'mbale.

Ndinaganiza kuti akusowa tiramu yake. Ndinapita kusitolo kukagula kadengu ka pakamwa, poti malamulo ndi malamulo, n'kumuveka. Tinakwera ya seveni koloko, yomwe ankakwera ndi a Vinko. Anthu ake anali omwewo. Ndi omwewo amene kwa zaka ziwiri ankamupatsa moni kuti "adokotala", poti ankatsikira pa chipatala. Tsiku limenelo anaona chigalu chakuda chotsekedwa kukamwa, n'kufutukira kumbuyo. Mayi wina anakokera chikwama chake pachifuwa.

"Chilombo chotere mukukwera nacho nthawi ya anthu opita kuntchito?" anatero.

Runo anagona pansi akunjenjemera, akuyesa kuchotsa kadenguko ndi mwendo mpaka anadzikanda pamphuno. Tinatsika pa siteji yachitatu n'kubwerera wapansi. Ndinapsa mtima njira yonse, koma sindinadziwe woti ndimutukwane, poti mawu a mayi uja anali mawu anga a zaka makumi atatu.

Kenako linafika Tsiku la Oyera Mtima Onse, lomwe tauni yonse imakhamukira kumanda ndi maluwa ndi makandulo a m'mabotolo ofiira. Chinali chaka choyamba cha a Vinko kumeneko. Ndinadziwa kuti pa geti la manda pali chikwangwani choletsa agalu. Ndinavala chikhoti, ndinanyamula makandulo awiri, ndipo nditafika pakhomo ndinamupeza Runo ataima pansi pa msomali. Ndinaima ndi makiyi m'manja. Galu ameneyu anawayendetsa a Vinko zaka ziwiri osawagwetsa m'dzenje ngakhale limodzi, ndiye atsale chifukwa cha chikwangwani?

Ndinatsitsa malamba aja. Ndisanamasule n'komwe zomangira, Runo anali atalowetsa kale mutu. Magalasi akuda a a Vinko anali pa shelefu pomwe anawasiya. Ndinawavala. Khadi ndinaliika m'thumba la chikhoti. Ine Dubravka, amene ndinalipiritsa wansembe chindapusa chifukwa cha tikiti yosaboola.

Nditangogwira chogwirira chachitsulo cha malambawo, ndinamva kuti galu amene ali kumanzere kwangayu si yemwe ndimakhala naye m'nyumba. Msana unawongoka. Anaima pa sitepe yoyamba, kudikira phazi langa lipeze m'mphepete. Anaimanso pa msewu. Mawu omulamulira ndinkawadziwa, ndinawamva m'mawa uliwonse: tiye, kumanja, peza khomo. Ndinkawanena chapansipansi mwamanyazi, koma iye sankafuna zambiri.

Basi ya kumanda inali yodzaza moti munthu sakanatha kukanda mphuno yake. Dalaivala anatiyembekezera. Anthu anapatuka. Kenako dzanja la munthu linandigwira pachigongono.

"Pang'onopang'ono, amayi. Pali sitepe. Eya, kwezani mwendo. Khalani apa."

Anali mayi wachikulire wonunkhira sopo ndi anyezi. Dzanja lake linali lofunda, ndipo sanalichotse mpaka nditakhala. Chichokereni pa maliro, palibe amene anali atandikhudza. Ndisanamepo, ngakhale maliro asanachitike, m'galimoto za tauni ino munalibe munthu amene anandiyang'anapo kumaso mwaufulu. Ndikakwera, anthu ankayang'ana pawindo. Tsiku limenelo ndinalira kuseri kwa magalasi a amuna anga, ndipo mayiyo anandisisita paphewa poganiza kuti ndikulirira akumanda. Mwina analondola pang'ono.

Pa geti palibe anatiletsa. Pa manda Runo ananunkhiza dothi, n'kukhala pansi mowongoka ngati ali pa siteji. Ndinayatsa makandulo onse awiri. Titabwerera kunyumba anadya mbale yonse n'kunyambita pansi pake.

Ndinati ndi kamodzi kokha. M'mawa mwake, sikisi koloko ndi theka, iye anali pansi pa msomali, ndipo ine ndinali nditavala kale nsapato.

Tinayamba kukwera tiramu ya seveni koloko tsiku lililonse, mpaka pa chipatala, n'kuwoloka msewu, n'kukwera yobwerera. Oyandikana nawo nyumba ndinkawazemba povala magalasi nditakhota pa ngodya. M'tiramu anthu anayambanso kunena kuti "adokotala abwera". Ena ankadziwa kuti mwini wake wakale anali mwamuna, koma ndani angafunse wosaona kuti galuyu mwamutenga kuti? Ankandipatsa mpando, ankandiuza kuti kunja kukugwa mvula, ngati sindikuimva pamutu. Ndinkadziuza kuti ndikuchitira galu. Koma galu sankasowa dzanja la pachigongono, ndinkalisowa ndine.

Masiku ena ndinkatseka maso enieni kuseri kwa magalasi. Poyamba masitepe khumi okha, kenako msewu wonse. Ndinayamba kumva zimene a Vinko ankandiuza ine osalabadira: kuti njanji zimalira mosiyana tiramu ikamayandikira mlatho, kuti siteji ya pa msika imadziwika ndi fungo la buledi. Zaka makumi anayi ndinagona pambali pa munthu, koma njira yake ya kuntchito ndinaidziwa atapita.

Sabata yachiwiri, munakwera a Mato. Tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi zisanu, ndipo anali pa maliro. Anayenda ndi kamakina kawo koonera matikiti mpando ndi mpando, mpaka anaima patsogolo panga. Ndinaona nsapato zawo, zomwe zija za zidendene zodyeka.

"Khadi la galu, amayi."

Ndinapereka. Pa khadipo panali chithunzi cha a Vinko, ndevu ndi dazi lawo. A Mato analiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwameta ndevu, a Vinko," anatero chapansipansi. Anandibwezera khadilo m'manja n'kupinda zala zanga pamwamba pake. "Duba, mawa mzere uno ndi wa anyamata atsopano. Iwowo sakudziwa."

Anapitirira. Akanandilembera chindapusa bwenzi zili bwino. Chisoni chawocho chinandiwawa kuposa mbama, komabe mawa lake ndinakwera.

Sanda ndinakumana naye Lachinayi la sabata yomweyo. Anakwera pa siteji ya pa msika ndi ndodo yoyera, mayi wa zaka ngati makumi anayi, wamfupi, wa chipewa chobiriwira choluka. Wina anamukhazika pambali panga. Mwendo wake unakhudza nthiti za Runo, ndipo anauchotsa msanga.

"Pepani. Ndi wa ntchito?"

"Eya," ndinayankha.

"Ndiye sindimugwira. Koma ndiuzeni dzina lokha, ndizimuchitira nsanje bwinobwino."

"Runo."

"Runo. Inu munadikira zaka zingati?"

Ndinakumbukira za a Vinko. "Ziwiri."

"Mwayi wanu. Ine chino n'chachitatu. Akuti ndili pafupi. Chaka chathanso ndinali pafupi. Ndine Sanda, ndimayankha mafoni pa ofesi ya za madzi. Anthu akamatukwana za mipope, amatukwana ine."

"Dubravka. Ndinapuma pa ntchito."

"Ntchito yanji?"

"Nanenso ankanditukwana," ndinatero, ndipo anaseka mokweza mpaka bambo wa kutsogolo anatembenuka.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkamusungira malo. Masiteji asanu ndi limodzi, kuchokera pa msika mpaka pomwe ankatsikira, siteji imodzi tisanafike pa chipatala. Sanda anali ndi pakamwa. Ankawagawa anthu oona m'magulu: okukoka ngati thumba la mbatata, okukuwira ngati ndiwe gonthi, ndi ofunsa amene wakuperekeza kuti, "Kodi amamwa khofi wa shuga?" Ine ndinkawonjezera nkhani za a Vinko ngati zanga. Anandibweretsera makeke a mtedza amene anaphika yekha, atawakulunga m'pepala. Pa mphumi pake panali chipsera chatsopano, ndipo ndinadzigwira kuti ndisafunse mpaka ananena yekha.

"Mwezi watha ndinagunda galasi la lole yoimikidwa pa njira ya apansi. Masitichi anayi. Ndodo imakuuza za pansi, amayi Dubravka, za m'mwamba imakusiyira mutu wako. Inu zimenezo munaiwala, eti? Bwana Runo amayang'ana ndi m'mwamba momwe."

"Amayang'ana," ndinatero.

Tsiku lina sanaseke. Patapita masiteji awiri anayandikira khutu langa.

"Ndikuuzeni chinthu chimene sindiuza anthu oona? Amayi anga ndiwo ankandiperekeza. Anamwalira chaka chatha. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndimaima kuseri kwa chitseko changa mphindi khumi, nditavala kale chikhoti, kuopa kutuluka. Mchemwali wanga amaganiza kuti ndine wolimba mtima. Ndikamuuza, adzandisiyitsa ntchito n'kunditengera kwawo ku Sisak, ndizikakhala pa mpando ngati duwa la m'chitini. Inu mukumvetsa."

"Ndikumvetsa," ndinatero. Chimenecho chokha sichinali bodza.

Madzulo ake ndinaima patsogolo pa firiji. Kunali kutatsala masiku asanu ndi anayi. Ndikasaina, Runo akhala wanga mpaka imfa, koma malamba apita, ndipo m'tiramu azikwera ndi kadengu, kapena osakwera n'komwe. Ndikapanda kusaina, m'nyumba muno mutsala ine ndi firiji. Ndinatenga cholembera, ndinalemba tsiku, dzina osalemba. Anthu makumi anayi aja sindinkawadziwa, ndiye sankandivuta. Koma tsopano mmodzi anali ndi chipewa chobiriwira, ndipo ndinali nditadya makeke ake.

Lolemba kunali chifunga. Sanda anatsika pa siteji yake monga mwa masiku onse, atandifinya dzanja. Tiramu inaima nthawi yaitali chifukwa cha maloboti, zitseko zili chitsegukire. Ndinkamuyang'ana pawindo, monga ndinkachitira tsiku lililonse iye osadziwa. Kumapeto kwa sabata amisiri anali atamanga zitsulo zokwerapo pa nyumba ya pa ngodya. Chitsulo chimodzi chinatulukira m'njira, chopingasa, msinkhu wa nkhope ya munthu wamfupi. Pansi pake panali poyera. Ndodo ya Sanda inkagogoda kumanja, kumanzere, osapeza kanthu, iye akuyenda mwachangu poti anachedwa.

Anthu anali pomwepo, koma aliyense maso pa foni. Ndinali ndi nthawi yokwanira kuganiza, ndisaname. Ndinaganiza za masiteji asanu ndi limodzi aja, oti ndikakuwa ndiwataya.

Ndinaimirira pa chitseko n'kukuwa ndi mawu anga akale, aja ankaimitsa anyamata othawa tikiti.

"Sanda, ima pomwepo! Chitsulo kumaso!"

Anaima ngati wamenyedwa. Anakweza dzanja pang'onopang'ono, n'kuchipeza chitsulocho, kutalika kwa chikhatho chimodzi kuchokera pamphuno pake. Ndinatsika ndi Runo zitseko zikutsekeka. M'tiramu nkhope zonse zinali pa mawindo, kundiyang'ana mmene ankandiyang'anira kale.

Nditafika pambali pake, dzanja lake linali likadali pa chitsulo.

"Amayi Dubravka?"

"Ndine."

"Munali m'tiramu."

"Eya."

"Ndiye mwachiona bwanji?"

Ndinavula magalasi, ngakhale kuti kwa iye sizinasinthe kanthu. "Ndimaona, Sanda. Galuyu anali wa amuna anga. Anamwalira mu Seputembala."

Ndinayamba kufotokoza za msomali, za kadengu, za kumanda, mawu akungotuluka mosalongosoka. Anandidula.

"Mumaona pang'ono, kapena mumaona?"

"Ndimaona bwinobwino."

"Chipsera changachi munachiona tsiku loyamba."

"Eya."

"Ndipo galu wa ntchito, wa zaka zingati?"

"Zinayi."

"Zinayi." Anagwedeza mutu. "Akukuperekezani kokwera tiramu n'kubwerera." Mawu ake sanakwere, ndipo ndikanakonda akanakuwa. "Ine ndinakuuzani za chitseko changa. Mchemwali wanga weniweni sadziwa. Ndinakuuzani chifukwa ndinkayesa ndinu mnzanga wa mumdima."

"Pepani."

"Zikomo chifukwa cha chitsulo," anatero. "Musandigwire. Ndiuzeni kuti chathera pati."

"Masitepe awiri kumanzere."

Anapita kumanzere masitepe awiri, n'kupitirira, ndodo ikugogoda. Runo anandiyang'ana kudikira lamulo. Ndinalibe loti ndimuuze, ndiye anatembenuka yekha n'kunditengera pa siteji yobwerera.

Nevena ndinamuimbira masana omwewo, ndisanasinthe maganizo. Ndinamuuza zonse, za magalasi zomwe. Anati, "N'chifukwa chake simunandiimbire kudandaula kuti galuyo sakudya." Ndinamupempha chinthu chimodzi: Runo apite kwa mayi wina dzina lake Sanda, wa ku ofesi ya za madzi.

"Siziyenda choncho, mayi," anatero. "Timayang'ana amene ali patsogolo pa mndandanda, msinkhu wake, liwiro la kayendedwe kake. Runo anazolowera munthu wamtali. Ndipo sindidzatha kukuuzani kumene wapita."

"Ndiye ndikumupereka kwa munthu amene sindidzamuona?"

"Eya. Koma aliyense wa pa mndandanda asendera patsogolo ndi malo amodzi."

Malo amodzi. Ndinatsala pang'ono kumutukwana mwana wa eni ake. Koma malamulo ndimawadziwa, ndipo amene amawanena si amene anawalemba.

Anabwera Lachisanu m'mawa. Ndinali nditalongedza mbale yake, bulangeti lake, ndi bulashi. Nsapato imodzi ya a Vinko ndinaiikanso m'thumbamo. Atatsitsa malamba pa msomali, Runo analowetsa mutu, mchira ukugunda khoma. Ndinagwada, mawondo akulira, n'kumugwira makutu onse awiri. Anandinyambita kamodzi pachibwano, mwaulemu, maso ali kuchitseko. Pa masitepe sanacheuke. Galu wa ntchito sacheuka, anamuphunzitsa choncho, ndipo ndinadziuza zimenezo kangapo.

Sabata yotsatira ndinakwera tiramu ya seveni koloko ndi nkhope yanga yeniyeni. Palibe anandigwira pachigongono. Ena anandizindikira n'kuyang'ana pawindo, zomwe sizinali zachilendo kwa ine. Ndinapeza mpando pafupi ndi chitseko. Pa msika Sanda anakwera, ndodo patsogolo, n'kuima pakati pa anthu.

"Pali mpando?" anafunsa m'mwamba.

Ndinaimirira osalankhula, n'kugogoda pa mpandowo ndi chala kuti amve pomwe uli. Anakhala. Ndinaima pambali pake nditagwira chitsulo. Patapita siteji imodzi anatembenuzira mutu ku chikhoti changa. Ubweya wa galu suchoka msanga, fungo lakenso. Anatambasula phazi pang'ono, kufufuza pansi pomwe Runo ankagona. Panalibe kanthu.

"Ali kuti?" anafunsa.

"Wabwerera ku ntchito."

"Kwa ndani?"

"Sanandiuze."

Anagwedeza mutu. Pa siteji yake anaimirira, n'kupeza chitseko yekha. Ali pa sitepe anaima pang'ono.

"Chitsulo chija chikadalipo?"

"Anachichotsa."

"Chabwino," anatero, n'kutsika.

Ine ndinapitirira chipatala osazindikira, mpaka kumapeto kwa njanji, komwe dalaivala anachita kundiuza kuti amayi, tafika, tsikani.

Lamulungu Tihana anaimba, anafunsa ngati ndikudya, ndinati eya. Anafunsa za galu, ndinati ali bwino, akugwira ntchito. Kadengu ka pakamwa kaja ndinakapatsa mayi wa nyumba ya pansi, ali ndi kagalu kolusa. Pepala la pa firiji ndinalitaya, kamaginito n'kukabwezera pamalo pake.

Lolemba ndinadzuka kusanache bwino, ndinamwa khofi, ndinatsuka kapu. Sindikudziwa kuti ndinavala nthawi yanji chikhoti. Nditayang'ana wotchi ya pakhomo inali sikisi koloko ndi theka, ndipo ndinali nditaima pansi pa msomali, nditayang'ana kuchitseko.